Mkonono Wodukiza Ndi Matenda, Si Tulo Tabwino Ai

M'makomboni monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika mu Chipata, kapenanso Matero ndi Kanyama mu Lusaka, mabanja ambiri amagona m'nyumba za cipinda cimodzi kapena ziwiri, ndipo kawiri-kawiri cipupa colekanitsa banja lina ndi linzake sicifika ku malata. M'nyumba zotere munthu woliza mkonono sabisika. Ana ake amamdziwa, anansi a kuseri kwa cipupa amamdziwanso, ndipo m'mawa nkhani yake imasekedwa pa mpopi. Ambiri amati munthu wotere ali ndi mwai cifukwa amagona tulo tofa nato.

Mkonono wina ndi phokoso cabe. Koma ulipo wina umene anthu a zaumoyo amauopa, ndipo wogona pafupi angathe kuuzindikira popanda cipangizo ciri conse. Umayamba pang'ono-pang'ono, n'kumakwera, kenaka n'kuduka mwadzidzidzi. M'cipinda mumangoti zii. Cifuwa ndi mimba za munthu uja zimaoneka kuti zikukoka, koma mpweya sulowa. Pakapita masekondi 10 kapena 20, nthawi zina kufika mphindi yathunthu, amadzidzimuka ndi kukoka mpweya mwamphamvu ngati munthu amene wangobvuuka m'madzi, n'kutembenuka, mkonono n'kuyambanso. Posakhalitsa wadukanso. Zimenezi zimapitirira mpaka kuca, koma akafunsidwa m'mawa iye sadziwa kanthu. Kawiri-kawiri amakana kwa mtu wa galu kuti saliza n'komwe mkonono.

Madotolo amacha bvutoli kuti sleep apnea. Liu lakuti apnea linacokera ku Cigiriki ndipo litanthauza kusapuma. M'Cinyanja dzina loliyenera ndi kubanika m'tulo. Si matenda a anthu owerengeka ai. Mu 2019 akatswiri anayerekeza kuti pa dziko lonse anthu 936 miliyoni a zaka za pakati pa 30 ndi 69 ali nalo bvutoli, ndipo mwa iwo 425 miliyoni ali nalo pa mlingo wofunika cithandizo ca ku cipatala. Oculuka a iwo sanapimidwepo.

Cimene cimacitika kummero

Ali yense amene anaphapo mbuzi kapena nkhuku adziwa kuti kholingo ndi lolimba, lokhala ndi timphete toliimika kuti lisaphwatalale. Koma pamwamba pa kholingo, kuseri kwa lilime ndi kumapeto kwa m'kamwa, njira ya mpweya iribe timphete totere. Ndi mnofu wokha-wokha, ndipo imakhala yotseguka cifukwa minyewa ya pamenepo imaikoka nthawi zonse munthu ali maso.

Tulo tikabwera, minyewa ya thupi lonse imamasuka, pamodzi ndi ya kummero yomwe. Kwa anthu ambiri njira ija imangocepa pang'ono, mpweya n'kumadutsabe bwino. Ikacepa kwambiri, mpweya podutsa umagwedeza minofu yofewayo, ndipo phokoso lake ndilo mkonono. Ikacepa kopitirira, makoma ake amagwirana n'kutsekeka, monga momwe kapaipi komwera kamaphwatalalira munthu akamakoka maheu olimba. Apa ndi pomwe mkonono umadukira.

Njira ikatsekeka, mpweya wabwino wa oksijeni umayamba kutsika m'magazi, mpweya woipa n'kumaculuka. Bongo ukaona ngoziyo umadzutsa munthu kwa masekondi ocepa cabe, kungoti minyewa ya kummero igwirenso nchito. Kudzuka kumeneku n'kwakufupi kwambiri kotero kuti sikukumbukika. Komabe nthawi iri yonse kukacitika, mtima umagunda mofulumira ndipo magazi amathamanga mwamphamvu ngati a munthu amene waona njoka.

Madotolo amawerenga kuti kupuma kwaima kapena kwacepa kangati pa ola limodzi. Kwa munthu wamkulu, kuyambira ka 5 kufika ka 14 ndi bvuto laling'ono, ka 15 kufika ka 29 ndi lapakati, ndipo ka 30 kupita m'mwamba ndi lalikulu. Munthu wobanika ka 30 pa ola, akagona maola 7, ndiye kuti wadzutsidwa ka 210 usiku umodzi. Wotereyu angakhale pa bedi kuyambira 21 koloko mpaka tambala, koma tulo topumulitsa thupi sanatilawe.

Zooneka masana

Cizindikiro cacikulu ndi kuodzera kosaletseka. Munthu akangokhala pansi maso amalemera: m'chalichi ulaliki uli mkati, pa maliro, mu minibasi, pa kantemba makasitomala akacepa, ngakhale alendo ali kuceza m'nyumba mwake momwe. Amadzuka m'mawa mutu ukuwawa, kukamwa kuli gwa. Amaiwala-iwala zinthu, sacedwa kupsa mtima, ndipo pa nchito amayamba kuchedwa waulesi. Alonda ena amacotsedwa nchito cifukwa copezeka ali mtulo, pamene bvuto lao leni-leni liri kummero.

Cina cimene ambiri sacigwirizanitsa ndi tulo ndico kudzuka kukataya madzi katatu kapena kanai usiku. Cifuwa cikamakoka mwamphamvu njira iri yotseka, mtima umafutukuka ngati kuti m'thupi mwadzaza madzi, ndipo umatumiza uthenga ku impso kuti zitulutse mkodzo wambiri. Munthu amapita kukapimitsa shuga, shuga n'kupezeka iri bwino, iye n'kubwerera kunyumba osadziwa cimene cimamdzutsa. Amuna ena mphamvu za m'banja zimacepa, ndipo amathera ndalama pa mankhwala a pa msika amene sangakhudze n'komwe gwero la bvutolo.

Kwa azimai matendawa amabisala kwambiri. Ambiri sadandaula za kuodzera koma za kusowa tulo, kutopa kosatha, mutu ndi kusakondwa. Ndiponso anthu amaona ngati mkonono n'cinthu cocititsa manyazi kwa mzimai, motero mwamuna wake ngakhale ana sanena, ndipo iye mwini sakauchula kwa dotolo.

Woyendetsa galimoto ndiye ali pa ngozi yoposa onse, pamodzi ndi anthu amene wanyamula. Ofufuza m'maiko osiyana-siyana apeza kuti madalaivala obanika m'tulo amene sakulandira cithandizo amacita ngozi kuwirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi anzao. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita oposa 60 m'masekondi atatu okha. Pa mseu wa Great East, m'makhota a mapiri a Manenekela kapena potsikira ku mlatho wa Luangwa, mamita 60 ndi okwanira kuti basi isiye mseu. Kutsegula windo, kukweza wailesi kapena kumwa zakumwa zopatsa mphamvu sikubwezera tulo tomwe bongo wamanidwa miyezi yambiri. Dalaivala amene wayamba kusinza pa siteringi ayenera kuima, ndipo ayenera kupimidwa asanayendenso ulendo wautali.

Za mfiti ndi za mbaula

Munthu akadzidzimuka usiku ngati wina wamkanyanga pakhosi, kapena akadzuka m'mawa thupi lonse lolefuka ngati walima munda, abale ena sacedwa kunena kuti wayenderedwa, mwina mfiti zinamlimitsa usiku. Banja lingayambe kulozana zala ndi anansi, ndalama n'kupita kwa ng'anga. Asanafike pamenepo, n'canzeru kuti wina m'nyumbamo akhale maso usiku umodzi ndi kumvetsera mmene munthuyo akupumira. Kulinso cinthu cina cosiyana ndi kubanika, pamene munthu amadzuka koma n'kulephera kusuntha kapena kupfuula kwa kanthawi kocepa. Cimeneco cimacitika bongo ukadzuka thupi lisanamasuke ku tulo ta maloto. Cimaopsa, koma pacokha sicipha.

Coopsa zedi, cimene sicifunika kucisokoneza ndi matendawa, ndi mbaula ya malasha yoikidwa m'cipinda cotseka m'miyezi ya June ndi July. Malasha oyaka amatulutsa mpweya wa poizoni wosanunkha ndi wosaoneka. Ngati anthu angapo a m'nyumba imodzi adzuka tsiku limodzi ali ndi mutu, cizungulire ndi mseru, bvuto si mkonono. Atulutsidwe panja msanga ndi kutengeredwa ku cipatala.

Mtima ndi magazi

Thupi lodzidzimutsidwa kambiri-mbiri usiku uli wonse limafika pozolowera kukhala ngati liri pa nkhondo, ndipo magazi amayamba kuthamanga ngakhale masana. N'cifukwa cake kubanika m'tulo kumayendera limodzi ndi matenda a BP. Pakati pa anthu amene amamwa mitundu itatu ya mankhwala a BP koma osatsika, ambiri akapimidwa amapezeka kuti amabanika m'tulo. Matendawa amaonjezeranso ngozi ya sitiroko, ya mtima wogunda mosalongosoka, ya mtima wofooka ndiponso ya shuga. Mzimai wa pakati amene wayamba kuliza mkonono waukulu acita bwino kuuza anamwino ku sikelo, popeza zimenezi zimapezeka kawiri-kawiri pamodzi ndi BP ya pa mimba.

Pali mtundu wina wosaculuka kweni-kweni, pamene njira ya mpweya iri yotseguka koma bongo ndiwo umaleka kulamula thupi kuti lipume. Umaoneka maka-maka kwa odwala mtima wofooka, amene anacitapo sitiroko ndi amene amamwa mankhwala amphamvu opha ululu. Cithandizo cake cimayambira pa kuciza matenda enawo.

Ndani amene amagwidwa

Kunenepa ndiko kutsogola. Mafuta samangokhala pa mimba, amalowanso m'lilime ndi m'mbali mwa mmero n'kupanikiza njira ya mpweya. Njira yapafupi yodziwira ndi kupima khosi ndi tepi ya atelala. Mwamuna wa khosi lofika masentimita 43, ndiko kuti wobvala shati ya kolala ya namba 17, ndiponso mzimai wa khosi loposa masentimita 40, ali pa ngozi yokulirapo. Amuna amagwidwa kwambiri kuposa akazi, koma mzimai akaleka kupita kumwezi kusiyanako kumacepa. Matendawa amayendanso m'mtundu, cifukwa mpangidwe wa nkhope ndi khosi umatengera makolo.

Koma munthu woonda asadzinamize. Nsagwada ya m'munsi yaing'ono kapena yobwerera m'mbuyo, matonsilo akulu-akulu, mphuno yotseka nthawi zonse ndi cithokomiro cotupa zingacititse munthu wa thupi laling'ono kubanika koposa wonenepa.

Kupita ku kiliniki

Bvuto la matendawa n'lakuti masana sapezeka. Wodwala akafika pa kiliniki akupuma bwino, cifuwa cake cimamveka bwino, ndipo kacipangizo kopana pa cala kopimira oksijeni, kamene anthu anakazolowera m'nthawi ya Covid-19 mu 2020 ndi 2021, kamaonetsa 95 kapena kuposa. Akangonena kuti ndimatopa ndipo mutu umawawa, angapimidwe malungo, n'kupatsidwa Panadol, nkhani n'kuthera pomwepo. Wolakwa palibe, cifukwa umboni wonse unatsala m'cipinda cogona.

Motero mboni ndiye munthu wofunika koposa. Mkazi, mwamuna kapena mwana wamkulu ayenera kupita nao ku kiliniki ndi kufotokoza zimene amaona, mwacitsanzo kuti awa atate ake a ana amaleka kupuma akagona, ndipo ndawerengapo ka 12 m'mphindi 30. Kucita tere si kuulula za m'nyumba kapena kunyoza akulu. Coposa apa ndi kujambula munthuyo pa foni kwa mphindi zisanu kapena khumi ali mtulo, kuti mkonono, kuduka kwake ndi kudzidzimuka zimveke bwino. Kanemayo amathandiza dotolo, komanso amakhutiritsa wodwala amene wakhala akutsutsa zaka zambiri. Ndi bwino kumuonetsa ali yekha, osati pamaso pa ana kapena alamu.

Pa kiliniki angathe kupima BP, shuga, sikelo ndi khosi, kuyang'ana kummero ndi m'mphuno, ndi kulemba kalata yopita ku cipatala cacikulu monga Chipata Central, St Francis ku Katete, kapena kupitirira mpaka ku UTH mu Lusaka kumene kuli madotolo a makutu, mphuno ndi mmero. Kutsimikiza kweni-kweni kumafuna kupima munthu ali mtulo. Amambveka timawaya pa mutu, malamba pa cifuwa ndi pa mimba, kapaipi pa mphuno ndi kacipangizo pa cala, makina n'kumalemba usiku wonse. Palinso zipangizo zing'ono-zing'ono zimene wodwala amatenga kukagona nazo kwao. Kupimaku sikupweteka. Zipangizo zake sizipezeka pa makiliniki a m'makomboni, ndipo madotolo a zipatala zazikulu ndiwo angalongosole kumene kungacitikire.

Munthu ali yense wodziwika kapena woganiziridwa kuti amabanika m'tulo ayenera kuuza madotolo asanacitidwe opareshoni ya mtundu uli wonse, cifukwa mankhwala ogonetsa amamasula minyewa ya kummero koposa tulo ta masiku onse.

Zimene banja lingayambe lero

Kucepetsa thupi ndiye mankhwala otsika mtengo koposa, ngakhale kuti ndi obvuta kumwa. Ofufuza a ku Wisconsin, m'dziko la America, amene anatsatira anthu kwa zaka zingapo, analengeza mu 2000 kuti munthu akaonjezera gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, kubanika kumakwera ndi 32 peresenti, ndipo akacotsa gawo lomwelo kumatsika ndi 26 peresenti. Kwa mwamuna wa makilogalamu 100, ndiye kuti kutaya makilogalamu 10 kungacotse pafupi-fupi kubanika kumodzi mwa kunai kuli konse.

Copinga cacikulu apa si njala koma malilime a anthu. Mimba yaikulu imachedwa ya abwana, ndipo mzimai amayamikidwa ngati mwamuna wake wanenepa. Kuyambira zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene Edzi inatenga anthu ambiri, munthu woonda mwadzidzidzi amanong'onedwa, ndipo mantha amenewo sanathe kweni-kweni. Motero wina angalole kukhala ndi khosi lomtsamwitsa usiku uli wonse kusiyana ndi kuti anansi amfunse ngati akudwala. Banja likagwirizana, nkhani ya anansi imacepa mphamvu. Sipafunika zakudya za m'masitolo akulu ai. Mitanda ya nsima icoke pa itatu kufika pa iwiri, ndiwo za masamba ndi nyemba ziculuke, saladi athiridwe ndi supuni osati kupungulira, shuga wa mu tiyi acepe, ndipo vitumbuwa, zakumwa zotsekemera ndi michopo zikhale za apo ndi apo. Wokhala ku Kapata angayende pansi kupita m'tauni m'malo mokwera njinga tsiku liri lonse.

Mowa ndi mdani waciwiri. Kaya ndi Chibuku, kacasu kapena wa m'botolo, umafooketsa minyewa ya kummero ndiponso umagonetsa bongo kotero kuti umacedwa kudzutsa munthu mpweya ukatha. Azimai ambiri adziwa kale kuti mkonono wa Loweruka usiku susiyana ndi cigayo. Wosakhoza kuleka asamwe m'maola atatu kapena anai asanagone. Cimodzi-modzinso mapiritsi ogonetsa monga Valium, mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine, ngakhale Piriton amene ena amamwa pofuna tulo. Munthu wodzuka ali wotopa amaganiza kuti akusowa mankhwala a tulo, pamene mankhwalawo ndiwo angatalikitse kubanika kwake. Fodya naye amatupitsa mkati mwa mphuno ndi mmero.

Kagonedwe kali ndi mbali yake. Munthu akagona cagada, lilime limagwera kumbuyo, ndipo ambiri amabanika kwambiri akagona motero kusiyana ndi cam'mbali. Pali njira yakale imene madotolo amalangizabe: kusoka kathumba kumsana kwa sikipa yakale ndi kuikamo kampira kolimba. Citsononkho ca cimanga cimagwira nchito yomweyo. Munthu akafuna kutembenukira cagada cimamkwinya, iye n'kubwerera cam'mbali osadzuka. Kukweza kumutu kwa bedi ndi njerwa kumathandizanso ena, kusiyana ndi kuunjika mapilo amene amangopinda khosi. Wa mphuno yotseka cifukwa ca pfumbi la August ndi September kapena utsi apemphe mankhwala ake ku kiliniki.

Zonsezi zingakwanire kwa wa bvuto laling'ono. Kwa wobanika ka 30 kapena kuposa pa ola zimangocepetsa, sizithetsa.

Makina a CPAP

Caka ca 1981 cisanafike, odwala kwambiri analibe cithandizo codalirika koma kubooledwa pakhosi kuti mpweya uzilowera pansi pa malo otsekeka. M'caka cimeneco dotolo wa ku Sydney, m'dziko la Australia, dzina lake Colin Sullivan, analengeza njira ina imene anaiyesa pa odwala asanu. Anatenga injini ya makina okokera pfumbi m'nyumba, n'kuitembenuza kuti iziuzira mpweya kupyolera m'paipi kufika ku mphuno za wodwala. Mpweya wokankhidwawo unaimika makoma a mmero monga momwe mpweya umaimikira chubu ca njinga, ndipo kubanika kunaleka usiku womwewo.

Makina a masiku ano, ochedwa CPAP, ndi aang'ono ngati wailesi ya pa tebulo ndipo alibe phokoso lambiri. Sapereka oksijeni ya m'botolo, amangouzira mpweya wa m'cipinda momwemo kudzera m'masiki obvala pa mphuno kapena pa mphuno ndi pakamwa. Mphamvu ya mpweyayo imasiyana munthu ndi munthu, ndipo woicera ndi dotolo, kapena makina ena amadzicerera okha. Kwa wa bvuto lapakati ndi lalikulu ici ndico cithandizo cotsogola. Ambiri amaona kusintha m'masiku ocepa: kuodzera kumatha, maulendo a ku cimbudzi usiku amacepa, BP imatsikako, ndipo m'nyumba monse mumagonedwa.

Komabe makinawa ali ngati magalasi a maso. Amathandiza pamene abvalidwa, akabvulidwa bvuto limabwerera. Madotolo amati maola anai usiku uli wonse ndiwo ocepetsetsa, koma cofunika ndi usiku wonse. Masabata oyamba ndiwo obvuta. Mphuno imauma, masiki amathina kapena kutulutsa mpweya m'mbali, ndipo amuna ena amacita manyazi kugona ndi paipi pa nkhope pamaso pa akazi ao. Ambiri amene amaleka amalekera pamenepa, pomwe kusintha saizi ya masiki kapena kuonjezera kabotolo konyowetsa mpweya kukanathetsa dandaulo. Masiki atsukidwe ndi sopo kawiri-kawiri, ndipo sefa ya makina isinthidwe msanga m'malo a pfumbi.

Wogwiritsa nchito CPAP asaleke mankhwala ake a BP kapena a mtima. Kufufuza kwakukulu kolengezedwa mu 2016, pa anthu odwala kale mtima kapena amene anacitapo sitiroko, kunapeza kuti makinawa anacepetsa kuodzera ndi kukometsa umoyo wao, koma sanacepetse sitiroko ndi matenda a mtima obwerezanso. Anthuwo anali kubvala makina maola atatu ndi pang'ono cabe usiku uli wonse.

Kwa banja la m'komboni zopinga ndi ziwiri, mtengo ndi magetsi. Makinawa amacokera kunja ndipo ndi odula. Mu 2024, cilala citatsitsa madzi a ku Kariba, ZESCO inali kuzimitsa magetsi maola oculuka pa tsiku, ndipo makina opanda batire anangokhala cokongoletsa. Wofuna kugula afunsiretu ngati makinawo angayendere batire yochajidwa ndi sola, ndiponso ngati masiki ndi mapaipi ake angapezeke akatha. Magetsi akazima munthu ali mtulo, masiki ali ndi timabowo todutsa mpweya, ndipo iye amangodzuka n'kuwabvula.

Ena amalandira makina ogwirapo kale nchito kucokera kwa acibale a ku Britain kapena ku South Africa. Mphatso yotere ipite kaye kwa dotolo, cifukwa inaceredwa pa mmero wa munthu wina. Ndiponso mu June 2021 kampani ya Philips inaitanitsa makina ake mamiliyoni angapo cifukwa siponji ya mkati yocepetsa phokoso inali kufumbutuka, tizidutswa take n'kumalowa m'njira ya mpweya. Makina a kampaniyi opangidwa isanafike nthawi imeneyo afunika kufufuzidwa ngati anakonzedwa.

Njira zina

Dotolo wa mano wodziwa nchitoyi angapange kacipangizo kobvala m'kamwa usiku, kamene kamakankhira nsagwada ya m'munsi kutsogolo pang'ono, lilime n'kucoka pa njira. Sikafuna magetsi, ndipo kamathandiza a bvuto laling'ono ndi lapakati, malinga ngati mano ali olimba. Opareshoni kwa akulu imathandiza bwino pamene cotseka cikuoneka, monga matonsilo akulu kapena mphuno yokhota mkati. Kudula minofu ya kumapeto kwa m'kamwa kumathetsa mkonono kwa ena koma kubanika n'kutsala, ndiye kuti belu locenjeza lacotsedwa moto ukali kuyaka.

Ku America, mu 2014 anabvomereza kacipangizo koikidwa pansi pa khungu la pa cifuwa kamene kamadzutsa minyewa ya lilime munthu akamapuma, ndipo mu December 2024 anabvomereza jekeseni yocepetsa thupi ya tirzepatide kwa anthu onenepa obanika m'tulo. Zonse ziwiri n'zodula kwambiri. Za tiyi ndi mapiritsi oondetsa ogulitsidwa m'misika ndi pa intaneti, kapena timapulasitala tomata pa mphuno, palibe umboni wakuti zimaciza kubanika.

Ana naonso

Mwana wa umoyo wabwino saliza mkonono masiku onse. Wa cimfine angalize masiku angapo n'kuleka. Koma mwana woliza mkonono pafupi-fupi usiku uli wonse, wogona kukamwa kuli yasa, khosi atalipindira kumbuyo, wotuluka thukuta ndi kugubuduka mphasa yonse, ayenera kuonedwa ndi dotolo. Kwa ana cocititsa kawiri-kawiri ndi matonsilo ndi minofu ina ya kuseri kwa mphuno yochedwa adenoids, imene imakula msanga kuposa mmero pa zaka za pakati pa 2 ndi 8. Muyeso wa ana ndi wokhwima kuposa wa akulu, cifukwa kubanika ngakhale kamodzi pa ola kumawerengedwa kale kuti si bwino.

Cosokoneza makolo n'cakuti mwana wosagona bwino kawiri-kawiri saodzera masana. M'malo mwake amakhala wosakhazikika, wandeu, wosamva za aphunzitsi, ndipo amakwapulidwa cifukwa ca mwano umene gwero lake ndi tulo. Ena amapitiriza kukodza pogona atakula kale. Ena sakwera sikelo ngakhale akudya, popeza mphamvu zimathera pa kulimbana ndi kupuma, ndiponso thupi la mwana limakula kwambiri m'tulo tatikulu tomwe iye sakutipeza.

Makolo a ana odwala sickle cell akhale cheru koposa. Ana amenewa amatupa matonsilo kawiri-kawiri ndipo amabanika m'tulo kuposa anzao, pamene kutsika kwa oksijeni m'magazi ndi cimodzi mwa zinthu zoutsa ululu wa matenda ao. Mkonono wa mwana wotere uchulidwe pa tsiku lake la kiliniki ngakhale dotolo asanafunse.

Ana ambiri amacira akacotsedwa matonsilo ndi adenoids ku cipatala, ndipo makolo amadabwa kuona mwana akugona mwakacetecete ndi kuyamba kudya ndi kukula. Pambuyo pa opareshoni mmero umawawa kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo mwana afunika kumwa madzi ambiri ndi kudya zofewa monga phala. Akalabvula magazi m'masabata awiri oyambawo abwezedwe ku cipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Mwana wonenepa kwambiri kapena wa sickle cell angatsale ndi kubanika pang'ono ngakhale matonsilo atacoka, motero mkonono ukapitirira patapita miyezi iwiri kapena itatu, apite nayenso kukaonedwa.